Mapasa a m'Chingerezi

Ndine mlonda pa geti la fakitale ku Makata.
Chibonga pambali, kope la mwana wanga pamwendo,
zaka makumi anayi ndi chimodzi pamsana.
A Kaliwo a sukulu ya madzulo ku Ndirande amati
mayeso a Fomu Folo si nkhondo, ndi kusankha basi:
mawu anayi amaima pamzere ngati oganiziridwa kupolisi,
iwe uloze mmodzi.
Ndaloza kawiri, zaka ziwiri.
Kawiri konse wakuba anatuluka akuseka.

Taonani borrow ndi lend.
Kwathu ndi liwu limodzi: ndibwereke, ndabwereka,
mbale yomweyo kupita ndi kubwera.
A Kaliwo anazunguliza ndi cholembera chofiira,
ati wopempha ndi wina, wopereka ndi wina.
Ndinangoti mumtima, aphunzitsi,
dzafikeni ku Goliyo mwezi ukathyoka pakati,
mudzaone wopereka mchere Lolemba
akugogoda Lachinayi ndi kasupuni m'manja.

Lose ndi loose ndinawagwira ndi lamba wanga.
Chaka chino wakhwepa, ndaboola bowo lina ndi msomali.
Bowo lowonjezeralo ndiye o wachiwiri.
Winayo, wa o mmodzi, ndi kutaya,
monga ndingatayire ntchito
bwana akandipeza ndawerama pa kope
galimoto ikuliza hutala panja.

Pray ndi play, awa ndiye ayi.
Lilime langa silidziwa malire awo.
Ndinabadwira ku Ndirande, ena amati Ndilande,
phiri silinadandaulepo.
Koma woika mamalikisi si phiri.

Live, leave.
Kukhala, kuchoka.
Ati kusiyana kwake ndi kukoka mawu pang'ono.
Amake Ndaziona anakoka
pa depoti ya Wenela, chikwama pamutu, basi ya ku Joni ikulira.
Chino ndi chaka chachisanu, akukokabe.
Funso limeneli sindilakwa.

Nthawi zina, cha m'ma thuu koloko,
agalu a ku Chirimba akayamba kuyankhana,
ndimalota ndili wolemba mayeso ndine.
Ndamuika pa desiki mwini Chingerezi, thukuta kamukamu.
Funso loyamba: mtengo wakwera.
Ndi wa mango, kapena wa shuga?
Funso lachiwiri: mayiyu wakongola.
Tiyimbe mluzu, kapena tibise ndalama?
Lachitatu: ndamva.
Ndi khutu, ndi mphuno, kapena ndi pachifuwa apa?
Mphindi khumi zatsala. Osayang'ana kwa mnzako.

Kenaka chiperoni chimandilowa m'kolala,
ndipo ndimabwerera kwa advice ndi advise,
mapasa ovala malaya amodzi,
wina dzina, wina ntchito.
Affect, effect.
Ndimawatchula mokweza, mpanda umamvetsera.

Kukacha ndimakwera mtunda wapansi,
Nasolo akununkha mmene amanunkhira.
Ndaziona ndimamupeza wavala kale yunifomu.
Amalanda kope lake, kuwerenga zimene ndadetsa usiku,
kupukusa mutu ngati a Kaliwo.
Bambo, there uyu ndi malo, their uyu ndi eni ake.
Ndimati ndamva.
Amati ndi khutu, kapena?

Mayeso ndi amodzi, iye ndi ine,
holo imodzi, belu limodzi.
Iye mzere wa kutsogolo ndi anzake a masokosi oyera,
ine kumbuyo, kwa obwereza a imvi m'ndevu.
Dzulo anasongola mapensulo awiri ndi lezala,
imodzi n'kuibisa kumsana.
Nenani kaye, bambo. Ine ndichite chiyani?

Ndinaona mbale ikupita,
ndinaona mbale ikubwera.
Ndinameza malovu.
Lend, ndinatero.
Anandipatsa.
Koma mubweze, ati,
kufabriki kwanuko sakugawa mapensulo.